Mtsempha wa kuchidendene ukavulala: zochita pakhomo

Mukadzapita pamsika, mudzaime pang'ono pa bucha muone mmene amakolekera mbuzi yosenda. Ngowe amailowetsa kumwendo wakumbuyo, pampata wa pakati pa fupa ndi chingwe choyera cholimba chija, ndipo nyama yonse imalendewera pamenepo mpaka madzulo. Chingwe chimenecho nafenso tili nacho. Gwirani kumbuyo kwa kakolo wanu, pamwamba pa chidendene, muchimva chili gwa. Chimalumikiza katumba wa mwendo ndi fupa la chidendene, ndipo pa mitsempha yonse yogwira mafupa m'thupi la munthu palibe wina waukulu ndi wolimba kuposa uwu. Achipatala amautcha mtsempha wa Achilles, dzina la msilikali wa m'nthano za Agiriki amene ankati muvi sukanamupha pena paliponse koma pachidendene.

Pachichewa mawu oti mtsempha timatchulira zinthu zingapo: wodutsa magazi, wotumiza uthenga ku ubongo, ndi uwu wokoka fupa. Kusokonezeka kumayambira pomwepo, chifukwa munthu akamva kuti vuto ndi mtsempha amaganiza zothowa ndi kusisita kuti magazi ayende. Uwu ndi wina. Uli ngati chingwe cha khonje chopotedwa ndi tiulusi tambirimbiri. Magazi amafikako ochepa, makamaka pa chigawo cha masentimita 2 mpaka 6 kuchokera pachidendene kukwera m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake pamenepo ndi pamene pamavulala kawirikawiri, n'kuchedwanso kupola.

Wanga unandivutitsa pafupifupi chaka. Ndinayamba kuthamanga m'mawa nditakhala zaka zambiri pampando wa muofesi, ndipo ndinayambira pa chitunda. Utayamba kupweteka ndinaupumitsa miyezi 2, ululu n'kutha, koma tsiku limene ndinathamanganso unabwerera momwe muja. Zimene zinandichiritsa ndi zimene ndalemba pansipa, ndipo chachikulu mwa zonse n'chakuti mtsempha uwu umachira ndi ntchito yoyezedwa bwino. Kugona kokha kumangoufooketsa.

Choyamba: tsimikizani kuti sunaduke

Musadumphe gawo ili, chifukwa mtsempha woduka suchizidwa pakhomo.

Anthu amene unawadukira amafotokoza mofanana. Munthu amakhala akudumpha kapena akuyamba kuthamanga mwadzidzidzi, amamva kuti phwa, ndipo amatembenuka msanga kufuna kuona amene wamumenya kumbuyo kwa mwendo, koma osapeza munthu. Zimakonda kugwera azibambo a zaka za m'ma 30 ndi 40 amene sabata yonse amakhala pansi, Lamlungu n'kukalowa mpira wa madala ngati akadali anyamata. Amayi a ntchemberembaye nawonso zimawachitikira. Okonda mpira akumbukira David Beckham, amene mtsempha wake unaduka mu Malichi 2010 akusewerera AC Milan popanda munthu womukhudza, n'kulephera kusewera nawo mpikisano wa dziko lonse ku South Africa chaka chomwecho.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'chakuti woduka mtsempha amatha kuyendabe motsimphina, ndipo phazi amatha kuligwedeza, chifukwa pali timitsempha tina timene timathandizira. Nthawi zina ululu umachepa pakangopita maola ochepa. Ndiye kuyenda si umboni woti zili bwino.

Yesani motere. Wovulalayo agone chafufumimba pabedi kapena pabenchi, mapazi onse alendewere kumapeto, asalimbitse mwendo. Munthu wina afinye katumba wa mwendo wabwino pakati penipeni ndi dzanja lonse. Muona phazi likugwedezeka lokha, zala kuloza kumbuyo ngati munthu akunyang'ama. Kenako afinye chimodzimodzi mwendo wovulala. Phazi likangokhala duu osasuntha, mtsempha waduka. Madokotala amagwiritsa ntchito njira yomweyi, amaitcha ya Thompson kapena ya Simmonds. Yendetsaninso chala pang'onopang'ono pamtsemphawo: mukapeza kadzenje pamene chala chikulowa, kapena ngati munthuyo akulephereratu kuima monyang'ama ndi mwendo umodzi wovulalawo, chizindikiro n'chomwecho.

Zikakhala choncho, asapondenso mwendowo. Phazi likhale zala zitaloza pansi, chifukwa kutero kumayandikitsa nsonga ziwiri za mtsempha. Musalikokere m'mwamba pofuna kuliwongola. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kukachedwa mawa lake. Pa zipatala zikuluzikulu za m'maboma nthawi zambiri pamakhala ogwira ntchito ya mafupa, ndipo ovulala movuta amawatumiza ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Wofika msanga nthawi zambiri amangoikidwa chikhakha zala zitaloza pansi, mtsempha n'kulumikizana wokha pakapita masabata angapo. Wodikira mwezi amapeza kuti nsonga zija zatalikirana, katumba wakokera yake m'mwamba, ndipo pamafunika opaleshoni yovuta kuposa imene ikanachitika poyamba.

Palinso zina zosayenera kuzichiza pakhomo, zofunika kupita nazo kuchipatala:

Bala lililonse lakuya kumbuyo kwa kakolo, kaya ndi la khasu, chikwanje, lata, galasi kapena masipoko a njinga yamoto. Bala likhoza kuoneka laling'ono mtsempha utadulidwa mkati. Psinjani ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke, pitani akaone, ndipo mukafunse za jakisoni wa kafumbata.

Katumba wotupa, wotentha ndi wolemera popanda kuvulala kooneka, makamaka ngati mwangotsika basi yochokera ku Johannesburg, mwangobereka kumene, kapena mwakhala chigonere masiku angapo. Akhoza kukhala magazi oundana mkati mwa mwendo. Osasisita ngakhale pang'ono. Kukabwera phuma kapena kupweteka pachifuwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Kufiira, kutentha thupi ndi mafinya.

Ululu wa pamtsempha umene wayamba mukumwa mankhwala opha mabakiteriya a ciprofloxacin, kapena patapita masabata ngakhale miyezi ingapo mutamaliza. Mankhwala amenewa ndi anzake a gulu lomwelo amafooketsa mitsempha, ndipo m'chaka cha 2008 bungwe loona za mankhwala ku America linalamula kuti pamapaketi pake palembedwe chenjezo lalikulu pa nkhaniyi. Chiopsezo chimakula kwa anthu opitirira zaka 60 ndi amene akumwanso prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa a gulu la steroid. Popeza ciprofloxacin anthu ambiri amangogula akatsegula m'mimba, ndi bwino kudziwa zimenezi. Musamwenso mbulu wina musanaonane ndi achipatala kuti akusinthireni, ndipo mwendowo muupumitse.

Ngati zonsezi palibe, phazi likugwedezeka pofinya katumba, ndipo vuto lanu ndi kupweteka, kutupa pang'ono ndi kuuma m'mawa, pitirizani kuwerenga.

Chachiwiri: masiku 3 oyamba

Siyani chimene chautsa ululu, kaya ndi mpira, kuthamanga, kukwera phiri kapena kusenza katundu pa chitunda. Koma musagone tsiku lonse. Yendani pang'onopang'ono pakhomo, pamalo athyathyathya, mapazi afupiafupi.

Ikanipo chozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, katatu kapena kanayi pa tsiku. Ayezi akulungidwe m'nsalu yonyowa, asakhudze khungu. Ngati mulibe firiji, chakumwa choundana cha m'timapulasitiki chija amagulitsa ana pamsewu chimakhala bwino kwambiri chifukwa chimagona motsatira mtsempha. Nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko nayonso imathandiza. Odwala shuga amene mapazi awo anachita dzanzi asamale, chifukwa sangamve khungu likamapsa ndi kuzizira.

Mukakhala pansi, sanjikani mwendo pampando kapena pamitsamiro. Ngati patupa, kulungani bandeji yotanuka kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba, yosathina, ndipo muimasule pogona. Zala zikayamba kuzizira kapena kuchita dzanzi, mwamanga kwambiri.

Pa mankhwala, yambani ndi Panado: munthu wamkulu mibulu 2 ya 500 mg, osapitirira kanayi pa tsiku. Brufen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa ululu, koma akhale a masiku ochepa okha, mutadya, ndipo osaphatikiza awiri nthawi imodzi. Amene muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, mphumu kapena BP, amayi oyembekezera, ndi amene mukumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, funsani kaye achipatala, chifukwa mankhwala amenewa amalemetsa impso ndi kukanda m'mimba. Ndipo musamwe mankhwala ndi cholinga choti mukasewere osamva kanthu. Ululu ndiwo ukuuzani malire.

Ndikudziwa kuti kwathu munthu akabinya agogo amatenthetsa madzi n'kuyamba kuthowa, ndipo amachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Pa masiku oyambawa muwapemphe mwaulemu kuti adikire kaye, chifukwa kutentha ndi kusisita mwamphamvu kumawonjezera kutupa. Pakapita masiku 3 kapena 4, madzi ofunda pa katumba alibe vuto, amamasula mwendo m'mawa. Koma mphini pamenepa ayi. Khungu la kumbuyo kwa kakolo n'lopyapyala, mtsempha uli pafupi kwambiri, ndipo bala likalowa dothi pamalo ochepa magazi chonchi limavuta kupola.

Chachitatu: nsapato

Kuyenda chopanda nsapato kapena mutavala mapatapata kumakoka mtsempha pa phazi lililonse limene mwaponda. Kwa masabata angapo valani nsapato zotseka zokwera pang'ono kuchidendene, ngakhale m'nyumba. Mukhoza kudula kachidutswa ka patapata yakale, kochindikala ngati sentimita 1, n'kuika mkati mwa nsapato pansi pa chidendene. Ikani mbali zonse ziwiri kuti musapendekeke chiuno. Ngati kumbuyo kwa nsapato kukukhula pamene pakupweteka, sinthani nsapatoyo. Kachidutswa kaja n'kongothandizira poyamba, ululu ukamachepa mukachotse.

Chachinayi: lozani pamene pakupweteka

Tengani chala chimodzi. Ngati ululu uli pakati pa mtsempha, zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa chidendene, mwinanso pali kachotupa kolimba kamene kamapweteka mukakatsina, vuto lanu ndi la pakati. Ngati uli pansi penipeni, pamene mtsempha wamera pafupa, ndi la pachidendene. Kusiyana kumeneku n'kofunika pa masewero akubwerawa. Wa pakati amaloledwa kutsitsa chidendene kupitirira sitepe. Wa pachidendene asatero, ndiponso asamakoke katumba mwamphamvu potsamira khoma, chifukwa phazi likapindikira m'mwamba mtsempha umapanikizika pafupa ndipo ululu umakula.

Chachisanu: kuupatsa ntchito

Apa ndiye pagona nkhani. Mtsempha wopweteka kwa nthawi yaitali umakhala kuti tiulusi take tasokonekera ndi kufooka. Thupi limakonza tiulusiti pokhapokha likamva kuti tikufunika, ndipo limamva kudzera mu kulemera kumene mtsempha ukusenza. Mukaupumitsa kotheratu ululu umazilala, koma mphamvu imatsikanso, ndiye tsiku lobwerera kumunda kapena kubwalo mumaupatsa katundu wakale uli wofooka kuposa kale.

Musanayambe, gwirizanani ndi ululu. Uyezeni pa 10, pamene 0 ndi kusamva kanthu ndipo 10 ndi ululu wosapiririka. Pochita masewero, kupweteka kofika pa 3 kapena 4 n'kololedwa, 5 ndiye malire. Woweruza weniweni ndi m'mawa wotsatira. Mukatsika pabedi n'kuponda pansi, mverani mapazi oyamba aja. Ngati kuuma ndi ululu zili ngati dzulo kapena zachepa, pitirizani. Ngati zakula, dzulo munapyola muyeso, bwererani pa gawo lam'mbuyo masiku angapo. Ine ndinkalemba nambala imodzi pakalendala m'mawa uliwonse, ndipo ndi imene inandilimbitsa mtima, chifukwa kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikuoneka koma kwa mwezi kumaoneka.

Yambani ululu waukulu ukangotsika, nthawi zambiri pakapita masiku 3 mpaka 7. Imani pafupi ndi khoma kapena gwirani mpando. Nyang'amani ndi miyendo yonse iwiri mpaka pakatikati, khalani pomwepo masekondi 30 mpaka 45, tsikani, pumani mphindi imodzi. Bwerezani ka 5, kawiri pa tsiku. Ngati kuima kukuvuta, chitani mutakhala pampando, mukukweza zidendene manja atatsamira pamaondo.

Zimenezi zikaphweka, yambani kukwera ndi kutsika. Kwerani ndi miyendo iwiri mukuwerenga mpaka 3, tsikani mukuwerenganso mpaka 3. Chitani ka 15, pumani, mubwereze maulendo 3. Kufulumira kumawononga zonse. Kulemera kudutse pa chala chachikulu ndi chachiwiri, phazi lisapendekere kunja. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, yambani kusamutsira thupi pang'onopang'ono ku mwendo wovulala, mpaka muzikwera ndi iwiri n'kutsika ndi umodzi.

Kutsika ndi mwendo umodzi kumeneku ndiko kunatchuka ndi dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, amene anafalitsa njirayi mu 1998. Imani m'mphepete mwa sitepe ya pakhonde, zala ndi kutsogolo kwa phazi zili pasitepe, zidendene zili m'malere. Gwirani chipilala kapena chitseko. Kwerani ndi miyendo yonse, nyamulani wabwino, ndipo tsikani pang'onopang'ono ndi wovulala yekha mpaka chidendene chipitirire pang'ono sitepe. Bwezani mwendo wabwino, kwerani ndi yonse iwiri, mutsikenso ndi umodzi. Ka 15, maulendo 3, bondo litawongoka. Kenako ka 15, maulendo 3, bondo litapindika pang'ono, chifukwa katumba ali ndi minofu iwiri, wapamwamba ndi wamkati, ndipo wamkati amagwira kwambiri bondo likapindika. Alfredson ankati zichitike m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse kwa masabata 12, kutanthauza kutsika ka 180 pa tsiku. Ndi ntchito yambiri, ndipo simukuyenera kuyambira pamenepo. Yambani ndi theka, muzikwera malinga ndi zimene m'mawa ukukuuzani. Sabata zoyamba katumba amawawa ngati mwalima tsiku lonse, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka.

A ululu wa pachidendene achite zomwezi pansi pathyathyathya, popanda sitepe, chidendene chizingofika pansi basi. Ngati mulibe sitepe, njerwa yamoto yoikidwa motsamira khoma kuti isagwedezeke ikwanira.

Ikafika nthawi yoti mukuchita osamva kanthu, ndiye kuti katundu wachepa. Berekani chikwama cha sukulu muikemo mabotolo a madzi. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuwerengera n'kosavuta. Yambani ndi makilogalamu 3 mpaka 5, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Katundu akamalemera, chitani tsiku limodzi n'kupuma tsiku lotsatira kuti mtsempha upeze mpata wodzimanga.

Anthu ambiri amasiya pa sabata yachinayi. Ena amasiya chifukwa ululu watha ndipo akuona ngati achira, ena chifukwa sunathe ndipo akuona ngati akutaya nthawi. Onsewa amasiya msanga. Mnofu umalimba m'masabata ochepa, koma mtsempha umatenga miyezi 3, ena 6. Mangirizani masewerowa ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga podikira madzi a tiyi kuwira kapena potsuka mano, kuti musamadalire kukumbukira.

Chachisanu ndi chimodzi: kubwerera ku ntchito ndi kumasewero

Si onse angathe kusiya ntchito. Mlimi sangauze udzu kuti udikire miyezi 3. Ngati muyenera kulima, valani nsapato, gawani ntchito m'zigawo zazifupi, ndipo pewani kuima nthawi yaitali pamalo otsetsereka zala zitaloza kumtunda. Akabaza apalase ndi pakati pa phazi m'malo mwa zala, achepetse kuimirira pa mapedulo, ndipo pa chitunda chachikulu atsike. Amayi osenza madzi ndi nkhuni achepetse mtolo n'kusankha njira yosakwera, ngakhale italikirepo. Kupalasa njinga pamalo athyathyathya ndi kusambira sizivutitsa mtsempha kwenikweni, ndiye othamanga agwiritse ntchito zimenezi kuti thupi lisafooke.

Musanayambe kuthamanga, muzitha kuyenda mwachangu mphindi 30 popanda ululu tsiku lotsatira, muzitha kunyang'ama ndi mwendo wovulala wokha ka 20 kapena kuposa mofika msinkhu umodzi ndi mwendo wabwino, ndiponso muzitha kudumphadumpha pamalo amodzi osamva kubaya. Mukatero yambani ndi kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda mphindi 2, kwa mphindi 15 mpaka 20, pabwalo la udzu kapena msewu wafumbi wosalala. Pakati pa tsiku lothamanga ndi linzake pakhale masiku 2 opuma. Chitunda, liwiro ndi mpira weniweni zibwere pomaliza, chimodzi chimodzi. Mukabwerera kubwalo, tsiku loyamba sewerani mphindi 20 n'kutuluka, ngakhale anzanu akukuitanani kuti mupitirize. Masewero a pasitepe musawataye mukachira, muziwachitabe kawiri kapena katatu pa sabata.

Ngati sizikusintha

Mukachita mokhulupirika masabata 6 mpaka 8 nambala ya pakalendala osatsika, kapena ululu ukukula, kapena ukukudzutsani usiku, kapena miyendo yonse iwiri yayamba popanda chifukwa chooneka, pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi a fiziyo, achipatala ochiza ndi masewero olimbitsa thupi. Shuga, mafuta ochuluka m'magazi, kunenepa kwambiri, gauti (nyamakazi yotupitsa mfundo, makamaka ya chala chachikulu cha kuphazi) ndi matenda ena a nyamakazi zimafooketsa mtsempha umenewu, ndipo fodya amachedwetsa kupola, ndiye nthawi zina chofunika kuchizidwa chimakhala chimenecho. Wina akakuuzani kuti akubayeni jakisoni wa steroid pamtsempha penipeni kuti ululu uthe msanga, musavomere mopupuluma, chifukwa umatonthoza kwa kanthawi koma ukhoza kufooketsa mtsempha mpaka kuduka.

Mwana wa zaka 8 mpaka 14 amene akudandaula chidendene akachoka kumpira nthawi zambiri vuto lake limakhala pafupa limene likukula, ndiye musamuberekese chikwama cha mabotolo. Achepetse kuthamanga, avale nsapato zofewa kuchidendene, ndipo akapitiriza kutsimphina mupite naye akamuone.

Popita kuchipatala tengani kabuku kanu ka zaumoyo, mapaketi a mankhwala onse amene mwamwa m'miyezi 6 yapitayi, nsapato zimene mumavala kwambiri, ndi kalendala ija ya manambala a m'mawa. Mukauze dokotala tsiku limene zinayamba, chimene munkachita, ndiponso ngati munamva kulira kulikonse kumbuyo kwa mwendo.